Kodi mwana wokula wopanda bambo ndiye amasanduka wakuba?

Mayi wina wa ku Area 23 wandilembera imelo yondikhudza mtima. Amuna awo anapita ku Joni zaka zinayi zapitazo ndipo anasiya ngakhale kuimba foni. Mayiwa amagulitsa tomato pamsika. Mnyamata wawo wa zaka 13 wayamba kujomba kusukulu n'kumayenda ndi otola zitsulo, ndipo sabata yatha apolisi anamupeza ndi foni yakuba. Achibale akuti, "Mwana wopanda bambo ndi momwemo." Mayiwa akufunsa ngati zimenezi n'zoona.

Mayi, sindikubisirani. Ofufuza m'mayiko ambiri amapezadi kuti ana oleredwa ndi kholo limodzi amagwa m'milandu kawirikawiri kuposa anzawo. Koma akafufuza mozama amaona kuti chachikulu ndi umphawi, mikangano imene mwana anaiona banja likutha, ndiponso kusowa munthu wamkulu womuyang'anira. Ana ambiri a amayi okha amakula bwinobwino osaponda ndi kupolisi komwe.

Taganizirani tsiku lanu. Mumalawirira mbandakucha kukapikula, mumabwera kutada. Mwana akaweruka masana, amakhala m'manja mwa ndani mpaka madzulo? Maola amenewo ndi amene akukulandani mwana.

Kwathu kwa Achewa ukwati ukatha mkamwini ankabwerera kwawo, ana n'kutsala ndi mbumba. Palibe ankawatcha osowa wowalera, chifukwa atsibweni analipo, agogo analipo, ndipo aliyense wodutsa ankatha kumubweza mwana akamuona akulowera kolakwika. Muno mu Lilongwe tili pa lendi, woyandikana naye khomo sadziwa ngakhale dzina la mwana wako. Chimene chasowa m'nyumba mwanu si bambo yekha, ndi mudzi wonse. N'chifukwa chake mawu a achibalewo akundipweteka: akuloza chala pa mpata umene iwo eni anayenera kutseka.

Za mlanduwo musataye mtima. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limati mwana aweruzidwe kukhoti la ana, ndipo pa mlandu waung'ono limalola kuupatutsa: mwana avomere, apepese, abweze katundu, alandire uphungu, osafika potumizidwa kumalo osungirako ana olakwira lamulo a ku Chilwa ku Zomba kapena ku Mpemba ku Blantyre. Mukapita kupolisi funsani za zimenezi, ndipo pemphani kuti mlangizi wa zachisamaliro cha anthu akhalepo. Lamulo lomweli limati bambo ali ndi udindo wosamalira mwana wake ngakhale banja litatha, choncho ankhoswe a kuchimuna asakhale chete.

Loweruka lino aitaneni atsibweni ake, asabwere ndi chikwapu, abwere kudzacheza naye. Lolemba mukaonane ndi aphunzitsi ake, muwasiyire nambala yanu kuti mwana akajomba akuimbireni tsiku lomwelo. Kenako mupezereni pokhala masana, kaya ndi kumpira, kukwaya, kapena pambali panu pabenchi yanu ya tomato.