Mafunso a Owerenga: Kodi Matakisi Opanda Dalaivala Afika Pati?

Funso: A Mkonzi, ndakhala ndikumva kuti kuli matakisi oyenda okha popanda munthu pa chiwongolero. Kodi nzoona kuti anthu amakwera n'kulipira, kapena akungoyeserera chabe? Ndipo popeza palibe dalaivala woti alandire malipiro, kodi eni ake sakupeza phindu lochuluka?

Yankho: Nzoona ndithu, anthu akukwera ndipo akulipira. Kampani imene ili patsogolo ndi Waymo, yomwe inayamba mu 2009 ngati nthambi ya kafukufuku ya Google. Mu Okutobala 2020 inayamba kunyamula anthu wamba m'dera la Phoenix ku America popanda aliyense pampando wa dalaivala, ndipo pofika mu Epulo 2025 inali kuyendetsa maulendo olipidwa oposa 250,000 pa sabata ku Phoenix, San Francisco, Los Angeles ndi Austin. Ku China nako kampani ya Baidu ikuyendetsa matakisi ake a Apollo Go, makamaka mumzinda wa Wuhan. Mukakumbukira kuti mu 2004, pa mpikisano umene bungwe la kafukufuku wa asilikali ku America la DARPA linakonza m'chipululu cha Mojave, palibe galimoto ndi imodzi yomwe imene inafika kumapeto, muona kuti ntchitoyi yapita patali.

Komabe mawu akuti "kuyenda yokha" ali ndi malire ake. Galimotozi zimayenda m'dera lokhalo limene kampani inalijambuliratu mapu atsatanetsatane, ndipo ulendo wopita kunja kwa deralo sizivomera. Zimaona msewu pogwiritsa ntchito makamera, radar ndi lidar, chipangizo chimene chimayeza kutalikira kwa zinthu ndi kuwala kwa leza, ndipo zipangizozi zimavutika kukakhala chifunga chambiri, mvula yamphamvu kapena chipale chofewa. Vuto lalikulu koposa ndi zinthu zosayembekezeka: msewu umene akukonza, wapolisi wolondolera magalimoto ndi manja, kapena galimoto ya ozimitsa moto imene yaima modutsa msewu. Zikatero galimotoyo imaima n'kupempha thandizo kwa anthu amene amakhala pa makompyuta ku ofesi, iwo n'kuiuza kolowera.

Nkhani ya kampani ya Cruise ikusonyeza kuopsa kwa zinthu zoterezi. Pa 2 Okutobala 2023 ku San Francisco, galimoto yoyendetsedwa ndi munthu inagunda mayi wina woyenda pansi n'kumuponyera kutsogolo kwa takisi ya Cruise. Takisiyo inaima, kenako poyesa kupatukira m'mbali mwa msewu inamukoka mayiyo mtunda wa mamita pafupifupi 6 ali kunsi kwake. Dalaivala wamaso akanadziwa kuti pansi pali munthu. Boma la California linaimitsa chilolezo cha kampaniyo mwezi womwewo, ndipo mu Disembala 2024 General Motors, mwini wake wa Cruise, inasiya kuikamo ndalama itawononga madola oposa 10 biliyoni. Sikuti galimotozi nzoopsa kuposa madalaivala ayi. Kafukufuku amene Waymo inachita ndi kampani ya inshulansi ya Swiss Re pa mtunda wa mamailosi 25.3 miliyoni anapeza kuti madandaulo a kuvulala kwa anthu anali ochepa ndi 92 peresenti poyerekeza ndi a madalaivala, ngakhale tiyenera kukumbukira kuti mwini malonda anali nawo pa kafukufukuyo.

Pa za phindu, apa m'pamene ambiri amalakwitsa masamu. Dalaivala wa takisi sangoyendetsa basi. Amatsuka galimoto, amaithira mafuta, amathandiza wokalamba kukwera, ndipo nthawi zambiri galimotoyo imakhala yake. Mukamuchotsa, ntchito zonsezi zimagwera kampani, imene iyenera kugula galimoto zokhala ndi zipangizo zodula, kumanga malo otchajira mabatire, kulemba okonza ndi otsuka, kulipira othandiza a pa makompyuta aja, kukonzanso mapu nthawi zonse ndiponso kusunga mainjiniya ambiri a malipiro apamwamba. Nchifukwa chake Ford ndi Volkswagen anatseka kampani yawo ya Argo AI mu 2022, ndipo Uber inagulitsa nthambi yake yopanga galimoto zotere mu 2020. Waymo ikuyendabe chifukwa Alphabet, kampani yomwe ndi mwini wake, ili ndi thumba lakuya, ndipo mu 2024 Waymo inatoleranso madola 5.6 biliyoni. Ine ndikuona kuti phindu lidzabwera pokhapokha mtengo wa galimoto utatsika kwambiri ndiponso munthu mmodzi wa ku ofesi atamayang'anira galimoto zambirimbiri, ndipo lidzayambira m'mizinda ikuluikulu momwe takisi siikhalitsa yopanda wokwera. Baidu yayamba kale kutsitsa mtengo, poti galimoto yake ya RT6 inalengezedwa pa mtengo wa mayuwani (ndalama za ku China) pafupifupi 200,000.

Funso: Nanga galimoto za Tesla zimene anthu amagula, zija amati zimadziyendetsa, n'chimodzimodzi ndi matakisi amenewa?

Yankho: Ayi, nzosiyana, ndipo kusokoneza ziwirizi kungathe kuphetsa munthu. Bungwe la mainjiniya a magalimoto la SAE linagawa luso limeneli m'magawo oyambira pa 0 mpaka 5. Matakisi a Waymo ali pa gawo 4, kutanthauza kuti m'dera lawo safuna munthu woyang'anira msewu. Galimoto za Tesla zogulitsidwa kwa anthu zili pa gawo 2, choncho woyendetsa ayenera kukhala maso nthawi zonse, ndipo pakachitika ngozi nthawi zambiri mlandu umakhala wake. Tesla inayambadi matakisi akeake ku Austin mu Juni 2025, odalira makamera okha popanda lidar, koma poyambapo munkakhala wantchito wa kampaniyo pampando wakutsogolo, wokonzeka kuimitsa galimoto zinthu zikavuta.