Za ulendo wa ku Natural Bridges

Eee mphwanga, ndamva funso lako lija, loti iwe ndi anzako mukufuna kukayenda ku milatho yamiyala ya ku Utah, ku America, mu Julaye, ndiye mutenge chiyani. Poyamba, ngati tsiku lingasinthike, lisintheni. Epulo, Meyi kapena Okutobala ndi bwino. Julaye ndi Ogasiti kumatentha mpaka madigiri 30 kapena kupitirira, komanso Julaye mpaka Seputembala ndi nyengo ya mvula yamabingu yamasana.

Paki ya Natural Bridges, komwe kuli milathoyo, ili kumadzulo kwa tauni ya Blanding, pafupifupi ola limodzi pagalimoto kudzera msewu wa 95 kenako 275. Mafuta ndi chakudya mugulire ku Blanding konko, kupakiko kulibe sitolo kapena pothirira mafuta. Netiweki nayonso musaidalire, mapu muwatsitsiretu pafoni. Milathoyo ilipo itatu, Sipapu, Kachina ndi Owachomo, ndipo madzi ndiwo anaboola mwala wamchenga mpaka kukhala choncho. Ndi yosiyana ndi ya ku paki ya Arches pafupi ndi tauni ya Moab, imene siidaboledwe ndi mtsinje.

Njira imene ndikukulangizani ndi yotsikira pa Sipapu, kutsata chigwembe cha White Canyon mpaka pa Kachina, n'kukwera kubwerera pagalimoto. Ndi makilomita ngati 9. Kutsikira pa Sipapu kuli masitepe ndi makwerero amitengo, mamita pafupifupi 150 kupita pansi, ndiye m'manja musakhale kanthu, zonse zikhale m'chikwama chakumsana. Anthu amapusitsidwa pamenepa: kutsika n'kokoma, kukwera kumabwera pomaliza, dzuwa lili paliwombo, miyendo itatha. Komanso malowa ali pamtunda wa mamita ngati 2,000, kuposa tauni ya Dedza, ndiye befu amabwera msanga. Nyamukani m'bandakucha, pofika masana mukhale mutatuluka.

Madzi, malita 4 munthu mmodzi patsiku, osati botolo limodzi logawana anthu atatu, wamva? Mpweya wakumeneko ndi wouma, thukuta limauma lisanaoneke, umaona ngati sukutaya madzi. Ukayamba kumva mutu ndi chizungulire ndiye kuti wachedwa kale. Tenganinso mtedza wothira mchere, chifukwa kumwa madzi okhaokha uku mchere ukutuluka ndi thukuta kumadwalitsanso. Madzi akafika theka, bwererani, kaya mlatho mwauona kaya ayi.

Tsopano za chigumula, tchera khutu. Mvula ikhoza kugwa kutali, pamene inu muli kuli ngwee, koma pathanthwe madzi salowa pansi, onse amathamangira m'chigwembe muli inumo. Ndi Napolo weniweni, matope, mitengo ndi miyala pamodzi. Mufunse kuofesi ya paki za nyengo musanatsike. Mukamva mkokomo kumtunda kapena madzi apansi ayamba kuda, kwerani pamalo okwera nthawi yomweyo. Kuthamanga motsata chigwembe ayi, madzi amakupezani.

Njira pathanthwe sioneka, mumatsata timilu tamiyala tosanjikiza. Musawonjezere tanu, mumasocheretsa obwera pambuyo. Dothi lakuda lamatuzamatuza m'mbali mwa njira ndi lamoyo, ndilo limagwira mchenga kuti usauluke, ndipo phazi limodzi limawononga zimene zinatenga zaka zambiri kukula. Pondani pamwala kapena pamchenga wa m'khwawa. Dzanja musalowetse m'ming'alu, kuli njoka zamchira wolira zija.

Pakati pa Sipapu ndi Kachina, pansi pa thanthwe, pali mabwinja a Horse Collar Ruin. Anamanga ndi makolo a anthu a Pueblo, eni dziko akale a kumeneko, amene anachokako cha m'zaka za m'ma 1200. Pali tinkhokwe tamiyala ndi dothi, timakomo take tozungulira ngati goli la kavalo, n'komwe kunachokera dzinalo. Osalowa, osatsamira khoma, dothi lake ndi la zaka zoposa 700. Phale ukaliona pansi, lisiye pomwepo. Kutola ndi mlandu pa lamulo la boma la America la 1979, ndipo iwe uli pa viza ya sukulu, usaiwale. Zojambula zakale za pathanthwe pa Kachina osakhudza, mafuta a m'manja amaziwononga. Ahopi ndi Azuni, mitundu ya anthu a Pueblo, amawatenga malo amenewa ngati a makolo awo, ndiye muyende ngati muli kumanda a eni ake.

Musanatsike, lemba muno m'gulu njira imene mwatenga ndi ola lotulukira, amayi ako asagone ndi mtima m'mwamba.