Kodi a Mongol anaphadi anthu 1,300,000 ku Merv?

Mphunzitsi wina wa mbiri yakale wanditumizira imelo. Akuti: "Ndawerenga kuti a Mongol atalanda mzinda wa Merv (m'dziko lomwe lero ndi Turkmenistan) mu 1221 anapha anthu opitirira miliyoni imodzi. Anawawerenga ndani, nanga ana a m'kalasi ndiwauze kuti ndi zoona?"

Aphunzitsi, musawauze choncho. Chiwerengero cha 1,300,000 chinachokera kwa Juvayni, mlembi wa ku Persia yemwe m'chaka chimenecho anali asanabadwe n'komwe, ndipo pomwe amalemba anali pa ntchito kwa a Mongol omwewo. Iye akuti munthu wina anawerenga mitembo masiku 13, usana ndi usiku. Mlembi wina, Ibn al-Athir, yemwe ankangomva mbiri ali kutali ku Mosul (m'dziko lomwe lero ndi Iraq), analemba 700,000. Mzinda umodzi, tsoka limodzi, kusiyana 600,000! Kwa ine manambala otere amangotanthauza kuti anthu anafa osaneneka, basi.

Koma musafulumire kunena kuti zonse n'zokokomeza, chifukwa nthaka nayo imayankhula. Ku Yaroslavl, m'dziko la Russia, mabuku akale amangotchula mzindawo modutsa pakati pa mizinda yomwe asilikali a Batu Khan, mtsogoleri wa a Mongol, analanda mu 1238. Akatswiri ofukula zakale atakumba kumeneko anapeza maenje asanu ndi anayi okhala ndi mafupa a anthu pafupifupi 300, ena atatayidwa m'chitsime, ena pansi pa nyumba zopsa. Mafupawo ali ndi zipsera za malupanga ndi mivi. Atayeza DNA, anazindikira kuti m'dzenje limodzi munali agogo aakazi, mwana wawo wamkazi ndi mdzukulu. Apa mlembi anachepetsa nkhani, nthaka n'kuikuza.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi cha ku Cegléd, ku Hungary, dziko lomwe a Mongol analowa mu 1241. M'nyumba yopsa anapezamo mayi ndi ana awiri atadzipanikiza mu uvuni, momwe anathawira kukabisala. Palibe anabwera kudzawaika m'manda.

Komabe phulusa silitchula amene anayatsa moto, poti akalonga a ku Russia nawonso ankawotcherana mizinda okhaokha. N'chifukwa chake ofukula amayang'ana mtundu wa nsonga za mivi, ndalama zachitsulo ndi zaka za mitengo yomangira, kenako n'kufananiza ndi chaka chimene alembi anatchula. Ana anuwo apatseni manambala awiri a ku Merv aja limodzi, muwafunse kuti mlembi aliyense anali kuti mu 1221.