Bambo akuti ndikhale AI engineer pofika Disembala

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa chaka chachitatu cha ICT pa yunivesite ina kuno kwathu. Akuti bambo ake anamva kuti akatswiri a AI (luso lopangitsa kompyuta kuchita zinthu ngati ili ndi nzeru za munthu) akulandira madola ali khale pakhomo, ndiye akumukakamiza alowe kosi ya pa intaneti ya miyezi itatu kuti pofika Disembala akhale AI engineer. Mwini wakeyo akuulula kuti ma assignment onse amamulembera ndi ChatGPT, pulogalamu ya AI yoyankha mafunso, code (malangizo amene amalembera kompyuta) ikakana sadziwa poyambira, usiku tulo sawona poopa kuti adzatuluka ndi pepala lokha mutu uli mbee.

Makalata otere ndalandira ambirimbiri, amangosiyana mayina. Ndiyambe ndi inu bambo, chonde musiyeni mwanayu apume. Miyezi itatu siipanga injiniya wa AI, ntchito imeneyo imafuna statistics, linear algebra komanso kulemba code mpaka zala kuzolowera, ndipo kampani yakunja singapereke madola kwa munthu amene sanapangepo kanthu kogwira ntchito. Ndalama ya kosiyo mugulireni bundle ndi laputopu yabwinoko.

Koma iwenso mwanawe wandikwiyitsa. Zaka zitatu zathunthu ukungokopera? ChatGPT yabwera mu Novembala 2022, ndi chida chabwino, inenso ndimagwiritsa ntchito, koma imatha kukupatsa yankho lolakwika molimba mtima ndithu, ndiye ngati sutha kuwerenga code udzadziwa bwanji kuti yakunamiza?

Ine khomo lolowera ntchito limene ndimakhulupirira ndi la data. Software engineer amamanga pulogalamu, data analyst amafunsa manambala mafunso, data engineer ndi amene amaonetsetsa kuti data yafika yoyera pamalo pake, ndipo wa AI sangachite kanthu popanda ameneyu. Kuno ntchito imeneyi ilipo, Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa malipoti a zipatala mu pulogalamu yotchedwa DHIS2, mabanki, Airtel Money, Mpamba, ma NGO, onsewa ali ndi data yodzaza bii. Tsegula fayilo imodzi ya Excel ya kuofesi uone, wina walemba Nkhotakota, wina Nkhota-kota, wina wangoti KK, nambala ya foni ina yayamba ndi 0999 ina +265, deti la 03/04 sukudziwa ngati ndi Malichi kapena Epulo. Kompyuta imawerenga mayina atatu aja ngati maboma atatu, lipoti n'kutuluka labodza, mankhwala n'kupita kolakwika. Munthu wodziwa zilankhulo za kompyuta za SQL ndi Python woti akonze zimenezi ndi amene ofesi imamugwira dzanja osamutaya.

Za code yokanayo, usathamangire kufunsa makina. Werenga error yonse mpaka mzere womaliza, ichititse vutolo kachiwiri mwadala kuti udziwe chimene chikuliyambitsa, lemba papepala chomwe ukuganiza kuti chalakwika, kenako sintha chinthu chimodzi chokha uyese. Chimodzi, osati zisanu nthawi imodzi. Ikatheka lemba test, ka code koyesa pulogalamuyo, yoti vutolo likadzabweranso udziwe msanga, usunge mu Git, chida chosunga mbiri ya zomwe wasintha mu code, ndi uthenga womveka, osati "final final 2" ayi.

Sunachedwe kwenikweni, poti wazindikira wekha ndipo chaka chikadalipo. Sabata ino tenga assignment imodzi yomwe unakopera, utseke ChatGPT, uyilembenso wekha ngakhale ikutengere masiku anayi, ukatero undilembere undiuze pomwe unakakamira.