Mafunso a Owerenga: Ndalama zakale za m'chitini cha agogo

Funso: Pamene tinkalongosola katundu wa malemu agogo anga, amene anali mlimi wa thonje, tinapeza ndalama zamapepala zitapindidwa m'chitini. Ziwiri zili ndi nkhope ya Mfumukazi, zina zili ndi Kamuzu koma zalembedwa mapaundi, ndipo imodzi ndi ya Chipwitikizi. Pali munthu amene akufuna kugula zonse pamodzi, ndipo akuti ndiyambe ndazisita. Kodi mtengo wake ndingaudziwe bwanji?
Bambo wa ku Ngabu, Chikwawa

Yankho: Bambo, choyamba ndikupempheni kuti simbi isayandikire ndalamazo. Anthu amene amatolera ndalama zakale amafuna pepala monga lilili, ndipo ndalama yositidwa, yochapidwa, yomatidwa selotepi kapena yokutidwa ndi pulasitiki yomata amaizindikira msanga n'kuitsitsa mtengo kwambiri.

Kuti muzizindikire, werengani dzina la banki limene lalembedwa pamwamba. Ngati za Mfumukazi Elizabeth II zalembedwa Bank of Rhodesia and Nyasaland, ndiye kuti ndi za nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963, ndipo bankiyo inayamba kutulutsa ndalama zake mu 1956. Mukaiyang'anitsa kuwala, yeniyeni imaonetsa chithunzi chobisika cha mutu wa Cecil Rhodes mkati mwa pepala, chinthu chimene makina ojambulira sangachitengere. Za Kamuzu zolembedwa mapaundi ndi zoyamba za Reserve Bank of Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 1964. Zinali za mashileni 5, mashileni 10, paundi imodzi ndi mapaundi 5, ndipo zinagwira ntchito zaka zochepa chabe chifukwa mu 1971 kunabwera kwacha, paundi imodzi n'kumasinthidwa ndi K2. Ya Chipwitikizi iyenera kuti ndi escudo yotulutsidwa ndi banki ya Banco Nacional Ultramarino, ndalama imene ku Mozambique inalowedwa m'malo ndi metical mu 1980. Sizodabwitsa kuipeza kuchigwa kuno poti malire ali pafupi, koma zambiri za mtundu umenewu zinatsala zochuluka ndipo sizikwera mtengo.

Ukale pawokha sukweza mtengo. Chimene chimakweza ndi kusowa kwa ndalamayo ndiponso mmene yasungikira. Za mapaundi 5 ndi 10 za chitaganya zimasowa kuposa za mashileni 10, chifukwa ndi anthu ochepa amene ankatha kusunga ndalama yaikulu chotero osaigwiritsa ntchito. Deti ndi siginecha nazonso zimasiyanitsa ndalama ziwiri zooneka zofanana. Kenako onani mizere ya popinda, makona opunthika, tizibowo ta mapini ndi madontho a dzimbiri ochokera kuchitini, pakuti ndalama yosapindidwapo ikhoza kuposa kangapo mtengo wa inzake yofewa ngati nsanza.

Zimandimvetsa chisoni kuti ku Chikwawa ndi ku Nsanje mapepala otere timawataya kaamba ka chiswe, chuku ndi madzi osefukira. Zichotseni m'chitinimo, muziwongole ndi manja ouma, muike iliyonse payokha pakati pa mapepala oyera, ndipo muzisunge pamalo okwera ndi ouma.

Wogulayo musamugulitse zonse pamodzi. Jambulani ndalama iliyonse mbali zonse ziwiri, mulembe nambala ndi deti lake, kenako mufufuze pa intaneti mitengo imene zofanana nazo zinagulidwiradi pa okushoni, osati imene ogulitsa amangotchula, ndipo mumve kaye maganizo a ogula awiri kapena atatu musanavomere.