Kodi kuzizira kumawonjezera mpweya m'magazi?

Mwana wina wa sekondale ku Ngabu wanditumizira imelo. Akuti anaphunzira kuti madzi ozizira amasunga mpweya wa okosijeni wambiri kuposa ofunda, ndiye akufunsa ngati kuwasambitsa madzi ozizira agogo ake omwe akubanika kungawathandize kupuma.

Mwanawe, aphunzitsi ako sananame. Pa madigiri 0, lita imodzi ya madzi imasunga mamiligalamu 14 ndi theka a okosijeni, pomwe pa madigiri 30 imasunga 7 ndi theka basi. Asodzi a ku dambo la Elephant Marsh amaziona mu Okutobala: madzi akaphwera n'kutentha, nsomba zimayandama pamwamba kukamwa kuli yasa, wolimba n'kukhala mlamba poti iye amapumako mpweya wakunja. Magazinso akazizira, okosijeni amasungunukamo wochulukirapo.

Koma wosungunukayo safika ngakhale magawo 2 pa 100 alionse. Wotsala yense amanyamula ndi himogulobini, yomwe imapezeka m'maselo ofiira a magazi, ndipo iyoyo ikazizidwa imaumira. Imagwira okosijeni zolimba, osafuna kumusiyira minofu ndi ubongo. Zili ngati nkhokwe yodzaza koma yotseka, ana akugona ndi njala.

Funso lako landikumbutsa madzi osefukira a mu Januwale 2015. Azakhali anga a kutsidya kwa Shire anachezera mumtengo, mvula ikuwathera pathupi. Bwato litawafikira sankanjenjemeranso, ankangolankhula zosamveka, tulo tili m'maso. Anthu ankati ndi mantha. Sanali mantha ayi! Thupi la munthu limafuna madigiri 37, ndipo likatsika kupitirira 35 mutu umayamba kusokonezeka. Wina anabwera ndi kachasu ati awatenthetse, mwamwayi mayi wina anakaniza. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, kutentha n'kumathawa msanga. Anawavula zonyowa, kuwafunditsa, ndipo atatsitsimuka anawamwetsa phala lofunda.

Chimandipweteka n'choti ife akuchigwa kuno timachipeputsa chisanu. Poti timapsa ndi madigiri 40, timayesa kuzizira ndi vuto la ku Dedza. Komatu munthu wonyowa wowombedwa ndi mphepo angafe nako ngakhale ku Nsanje. Namondwe Freddy atabwera mu 2023 tinkakamba za ufa ndi matenti, za mabulangete n'kumabwera pambuyo. Makanda ndiye osanena: amataya kutentha msanga, n'chifukwa chake anamwino amalimbikira zoika mwana wobadwa masiku asanakwane pachifuwa pa mayi, khungu kukhungu, ija amati kangaroo.

N'zoona madokotala ochita opaleshoni ya mtima nthawi zina amaziziritsa wodwala dala kuti thupi lisafune okosijeni wambiri, koma amakhala atamugoneka, makina akumupumira.

Nanga agogowo?

Usawathire madzi ozizira. Akayamba kunjenjemera, thupi lidya okosijeni wochuluka, kubanika n'kukula. Akhale tsonga pamalo popita mphepo, kutali ndi utsi wa kukhitchini, ndipo upite nawo kuchipatala lero lomwe. Kubanika kwa munthu wamkulu kungakhale chibayo, mphumu, mtima kapena kuchepa kwa magazi. Akawayeze ndi kachipangizo kopanira kuchala kaja koyeza okosijeni m'magazi.