Buku, nyuzipepala ndi foni patebulo limodzi

Madamu, mwafunsa kuti mutani ndi ana a Fomu 3 amene mukawapatsa ntchito amangokopera za pa foni, chonsecho mulaibulale muli mabuku akale ndi kompyuta imodzi yokha. Musadandaule, mabuku akalewo ndiye chida chanu.

Ine kusukulu kwathu ndinayamba ndi funso limodzi: m'Malawi muno tilipo angati? Gulu lina ndinalipatsa buku lakale la Geography, lina katoni ya nyuzipepala, lina foni yanga, bandulo ndinagula ndekha. A buku anabwera ndi 13 miliyoni, a nyuzipepala 17.5 miliyoni, a foni kuposa 20 miliyoni. Phokoso lake! Aliyense akuti mnzake ndi wabodza. Ndinangokhala chete mpaka mtsikana wina, wofatsa ndithu, anatsegula tsamba lakumayambiriro kwa buku n'kuona chaka chimene linasindikizidwa. Apo ndiye anazindikira kuti bukulo limanena za kalembera wa 2008, pamene 17.5 miliyoni ndi wa 2018, onsewo ochitidwa ndi National Statistical Office ya ku Zomba. Ya pa foni ija inali yongoyerekeza, palibe amene anayenda khomo ndi khomo kuwerenga anthu.

Kuyambira tsiku limenelo sindilandira yankho lopanda zinthu ziwiri: wanena ndani, ndipo ananena liti. Mwana akati "ndazipeza pa Google" ndimamubweza, chifukwa Google ili ngati minibasi, imangokufikitsa. Tiuze kumene unatsikira.

Wailesi musaiiwale. Auzeni amvere nkhani za madzulo pa MBC kapena Zodiak, alembe mfundo zitatu, kenako ayerekeze ndi mmene The Nation yalembera nkhani yomweyo. Amadabwa kuona kuti wina wasiya zimene mnzake watsindika.

Zithunzi ndiye zimavuta kwambiri. Ana amakhulupirira chilichonse chimene diso laona pa WhatsApp, makamaka pakagwa ngozi ngati ya namondwe Freddy mu Malichi 2023. Aonetseni Google Lens: muike chithunzi, ione kumene chinaonekerapo kale. Kompyuta imodzi ikukwana, bola azisinthana asanuasanu.

Za nyuzipepala, pemphani aphunzitsi anzanu asamakulungire zitumbuwa, azibweretsa kulaibulale. Ngati muli pafupi ndi nthambi ya National Library Service, pitani nawo anawo tsiku lina akaone mmene mabuku amasanjidwira pashelefu. Ambiri mwa anga anali asanaonepo nambala pamsana pa buku.